Gitala ya Alamu Anga

1.

Ine ntchito yanga ndi manja a anthu. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala pa kampando ka m'saluni ndikudula, kukhula ndi kupaka zikhadabo, moti mutandipatsa dzanja lanu ndikhoza kukuuzani ngati mumachapa nokha kapena muli ndi wantchito. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti mukamaliza kuwerenga musandimvere chisoni. Wina aliyense akanapusitsidwa n'kukhala ndi chowiringula, koma ine ndilibe. Banja langa ndinaliphwasula ndekha, maso ali tong'o, ndipo mpaka lero ndikadziona pagalasi la kuntchito ndimayang'ana kumbali.

Ndinakwatiwa m'banja la oimba. Alamu anga, akulu ake a mwamuna wanga, ndi aja anthu ankawatchula kuti a Saphonya. Dzinalo linachokera ku gitala. Oimba ena amakhala ndi masiku awo: lero watentha, mawa wabwera ndi matsire zala zikungoterereka. Iwo ayi. Kugwe mvula, kutenthe, anthu akhale makumi awiri kapena adzaze bwalo, gitala inkalira chimodzimodzi, yoyera, yosathamanga, yosatsalira. Panali madala ena amene ankabwera Lamulungu lililonse kudzadikira kuti mwina lero aphonya, koma ankabwerera akupukusa mitu.

Anthu ankakonda kusimba za ngozi ya njinga yamoto imene alamu anachita zaka ziwiri ine ndisanalowe m'banjamo. Ati dzanja linakhala m'chikhakha miyezi inayi, koma atachira gitala inayamba kukoma kuposa kale. Kuchokera pamenepo bandi yawo inkaimba malo amodzi okha, pabwalo la hotela ina, Lamulungu masana. Kutsogolo kwa siteji ankandandalikako miphika ikuluikulu ya maluwa kuti anthu asayandikire, ndipo iwo ankaimba atapendekera cham'mbali. Ankati anyamata a masiku ano amaba luso ndi maso.

Nanga mwamuna wanga? Iye anali wa mawaya. Ankanyamula masipika, kulumikiza zingwe, kenako n'kukadzitsekera m'kachipinda ka kuseri kwa siteji komwe kunali makina a mawu. Pachitseko panali polemba kuti OSALOWA, ndipo ngakhale ine mkazi wake sindinkaloledwa. Anali munthu wachibwibwi, wamanyazi, woti akafuna kupempha mchere patebulo ankayamba wapuma kawiri. Anzanga akandifunsa kuti amuna anu amaimba chiyani mu bandi ija, ndinkasintha nkhani.

2.

Chimene chinkandinyansa kwambiri pa iye ndi zala za kumanzere. Nsonga zinayi zinali gwa, zolimba ngati chidendene cha munthu wosavala nsapato, ndipo pakati pake panali timizere tolowa. Akandigwira patsaya zinkandikanda. Akandigwira paphewa zinkakoka ulusi wa diresi.

"Mawayawa akuthani zala," ndinkatero. "Mkazi wanu wokonza manja a anthu, inu manja ngati woswa miyala. Anthu aziti chiyani?"

Ankangomwetulira n'kubisa dzanjalo m'thumba.

Loweruka lina masana anagona pampando, dzanja lili lende. Ndinati lero ndithana nazo. Ndinatenga kabeseni ka madzi ofunda, mafuta ndi kamwala kanga kokhulira, n'kugwada pambali pake mwakachetechete. Ndinali nditafewetsa chala chimodzi n'kuchikhula pang'ono pamene anadzidzimuka. Beseni uko, madzi mbwee pansi ponse.

"Mu-mu-musadzayerekezenso!"

Zaka zisanu tili m'banja, aka kanali koyamba kundikalipira. Ndinaima manja m'chiuno.

"Ndiye mwandikalipira chifukwa cha zikopa zakufa zimenezi?"

"Ma-mawa ndi Lamulungu," anatero akuyang'anitsitsa chalacho, ngati ndamuthyolera chinthu chodula.

Mawa lakelo anabwera kuchokera ku hotela chala chija chitang'ambika, magazi atauma m'mphepete mwa chikhadabo. Ndinati waya wamucheka, zake zimenezo, akanandilola kumaliza. Ndinaliko kuhotelako tsiku limenelo, ndipo gitala ya alamu inalira bwino ngati masiku onse.

3.

Chaka chomwecho bandi inatulutsa nyimbo yatsopano, yopanda mawu, gitala yokhayokha. Inkayamba ndi kaphokoso kokhula pansambo, kwe-kwe, kwe-kwe-kwe, kenako n'kutseguka pang'onopang'ono mpaka munthu kumva kutentha pachifuwa. Ine ndikaimva ndinkaiwala kuti ndagwira botolo m'manja. Kunyumba mwamuna wanga ankaigogoda ndi zala patebulo, nthawi zina pamsana panga tikakhala pakhonde, ndipo ndinkamuchotsa dzanja.

"Zisiyireni eni ake zimenezo," ndinkatero.

Patapita miyezi itatu alamu anatulukira ku saluni, koyamba m'moyo wawo. Azimayi anakuwa, wina mpaka anatuluka mu dirayala tsitsi lisanaume kuti ajambulitse nawo. Iwo anakhala pampando wanga n'kutambasula manja onse awiri pa kathaulo.

"Alamu, ndamva kuti m'tauni muno palibe wokuposani. Tazisamalireni zalazi, ndi zimene zimadyetsa banja lonse."

Ndinagwira dzanja lamanzere. Linali lofewa ngati la khanda, lonunkhira, lopanda ngakhale kamzere kamodzi. Zala ziwiri zakumapeto zinali zouma, zosapinda bwino. Ine ndagwirapo manja a anyamata oimba gitala kutchalitchi, ndikudziwa bwino momwe nsambo imasiyira chizindikiro pa munthu. Ndinafunsa ndithu.

"Koma alamu, nsambo sizikuchekani inu?"

Anaseka. "Wophunzira ndi amene amafinya. Katswiri amangosisita."

Ndipo ine, chitsiru cha mkazi, ndinagwedeza mutu ngati ndamva nzeru zakuya. Ndikukhula chikhadabo chachiwiri anaweramira kwa ine n'kutsitsa mawu.

"Mukumva kaphokoso kamene mukuchitaka? Kwe-kwe, kwe-kwe-kwe. Simunakamvepo penapake?"

Ndinaima.

"Nyimbo ija ndi yanu, alamu. Ndinaipeka ndikuganiza za manja anuwa. Mng'ono wanga ndi munthu wabwino, koma sadziwa chimene ali nacho m'nyumba."

Ndikanakhala ndi mutu ndikanawerenga miyezi. Nyimbo inatuluka kale iwo asanandionepo ndikugwira ntchito ngakhale tsiku limodzi. Koma mutu unali utachoka kale, ndipo polishi ndinapaka mpaka pakhungu.

4.

Za m'chipinda cha loji sindikuuzani, mukuzidziwa kale nkhani zoterezi. Linali Lachiwiri lililonse masana, ine n'kunamiza abwana kuti ndikukagula mankhwala a zikhadabo. Miyezi isanu ndi iwiri. Munthu wa banja limodzi ndi mwamuna wanga, wobadwa mimba imodzi, amene paukwati wathu anakhala kutsogolo n'kumawomba m'manja. Ndikalemba chonchi khungu likundiyabwa.

Koma chimene chimandinyansa koposa si lojiyo ayi. Ndi siteji.

Lamulungu ndinkapita msanga, anthu asanafike, ndi chakudya cha mwamuna wanga m'kontena. Ndinkagogoda pa kachipinda kaja, iye n'kutsegula pang'ono, mahedifoni ali m'khosi, n'kulandira.

"Zi-zikomo, mayi."

Chitseko chikatsekedwa ndinkakwera pasiteji pomwe alamu ankakhala akupukuta gitala yawo yofiira. Tinkaima pafupi ndi maikolofoni yawo, iwo ankati apa ndiye pabwino, pamtetete, palibe angatiganizire. Tinkanong'onezana za Lachiwiri lapita ndi Lachiwiri likubwera. Tsiku lina ndinawasimbira nkhani ya beseni ija, ndipo ndinachita kumuyeserera mwamuna wanga.

"Mu-mu-mu-musadzayerekezenso!"

Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ameneyo chibadwire mawu amamukanirira pakhosi. Mayi ankati tikamutuma kugolosale tizimulembera kapepala."

Ndinaseka nawo. Ndinaseka kwambiri, ine.

Kunyumba mwamunayo sanasinthe. Ankanditengera madzi osamba, ankakonza chitseko cha kabati chikaguluka. Kungoti anasiya kundigogoda pamsana. Tsiku limodzi lokha, tikumwa tiyi m'mawa, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mu-muli bwino m'nyumba muno?"

"Bwanji?"

"Ndi-ndikungofunsa."

"Tiyi wanu akuzizira," ndinatero.

5.

Alamu ndi amene anakonza za tsiku lochoka. Anati apeza nyumba kutsidya kwa tauni, ndilongedze chikwama ndikachisiye ku saluni, ndipo Lamulungu tikaweruka tinyamukira limodzi. Anati mng'ono wawo ndimusiyire kalata. Ine ndinaona kuti kalata ndi yaitali, nanga ndilembamo chiyani? Ndinaganiza zongomupatsa makiyi a nyumba m'manja nyimbo zili mkati, nthawi imene sangathe kusiya makina n'kuyamba kundifunsa mafunso. Onani mantha ake, onani uve wake.

Tsikulo bwalo linadzaza. Cha m'ma folo koloko alamu anagwira maikolofoni.

"Nyimbo iyi ikupita kwa mayi wina amene ali pompano. Akudzidziwa yekha."

Anthu anakuwa. Kwe-kwe, kwe-kwe-kwe. Ndinanyamuka, makiyi ali m'manja, n'kuzungulira kuseri kwa siteji. Sindinagogode. Loko wa chitsekocho anali wotha, ndinangokankha ndi phewa.

Kachipindako kanali kotentha, kodzaza zingwe, kopanda zenera. Pakhoma loyang'ana ku siteji panali kabowo kokwana diso. Mwamuna wanga anali atakhala pa kreti ya mabotolo, malaya atanyowa ndi thukuta, mahedifoni kumutu, nkhope ili pa kabowoko. Pamiyendo pake panali gitala yakale yosuluka, ndipo chingwe chake chinali chitalowa m'makina.

Zala zija zinali kuyenda. Zala zimene ndinkazichotsa patsaya langa zinkakwera ndi kutsika pansambo, timizere tija tikugwera ndendende pamalo pake, ndipo chilichonse chimene zinkachita ndi chimene chinkatuluka m'masipika kunjako. Alamu akakweza gitala yawo yofiira m'mwamba, iye ankakweza mawu. Akagwada, iye ankatsitsa. Anthu mazana atatu ankakuwira munthu wogwedeza manja, pamene woimba ali pa kreti.

Anatembenuka n'kundiona. Anaona makiyi. Ndinkayembekeza kuti zala zigwa, nyimbo iduka. Sanaphonye ngakhale pamodzi. Anandiyang'ana m'maso mpaka nyimbo yonse inatha, n'kuitsiriza bwinobwino ndi kaphokoso kaja koyambira.

Kunja m'manja munali wawawa. Iye anavula mahedifoni n'kundiveka.

Ndinamva mpweya wa alamu ngati ali m'khutu mwangamu. Ankanong'oneza mtsikana wovina wa bandiyo, chapambali pa maikolofoni.

"Wamva? Mayi ndamutchula uja ndiwe. Ndinaipeka ndikuganiza za mapazi akowo. Tionane Lachinayi."

Ndinavula mahedifoni aja. Osati chifukwa cha mtsikanayo ayi. Ndinazindikira kuti maikolofoni imeneyo imayatsidwa m'mawa poyesa mawu, ndipo simazimitsidwa mpaka kuweruka. Miyezi isanu ndi iwiri. Za Lachiwiri lililonse, kuseka kulikonse, chibwibwi chija ndinachiyeserera, zonse zinkalowa m'makutu mwake iye akudya chakudya chimene ndamubweretsera.

"Munkamva," ndinatero.

"Nda-ndakhala ndikumva."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndi-ndinakufunsani ngati muli bwino." Anapukuta nsambo ndi kansalu. "Nyimboyo ndinaipeka pakhonde, tsiku limene mu-munkakhula zikhadabo za amayi. Ndinawauza achimwene tanthauzo lake kuti a-akaitchule bwino pasiteji. Ndinkati mudzaizindikira nokha."

Ndinayesa kumugwira dzanja. Analibweza, mofatsa, ngati mmene ine ndinkachotsera lake.

"Makiyi ikani pamenepo," anatero, ndipo mawu amenewa anatuluka osakodwa.

Anazula chingwe m'makina, anakoleka gitala kumsana, n'kutuluka.

6.

Kunja woimba ng'oma anali atawerenga kale nyimbo yotsatira. Besi inalowa, ng'oma inalowa, alamu anamenya nsambo ndi mphamvu zawo zonse. Zii. Anamenyanso. Zii.

"Wa mawaya! Takonza uko, iwe!" anakuwa, akuseka kuti anthu aone ngati ndi zazing'ono.

Wa mawayayo anadutsa kutsogolo kwa miphika ya maluwa, pamaso pa anthu onse, gitala ili kumsana, n'kulunjika kugeti. Sanathamange ndipo sanacheuke. Woimba ng'oma anaika timitengo take pansi n'kuwerama, poti iye ankadziwa.

Zikanathera pomwepo mwina akananamizira magetsi. Koma weta wina wa pahotelapo, bambo wachifundo, anakwera pasiteji kuti athandize. Anatsatira chingwe cha gitala yofiira mpaka pansi pa kapeti, n'kuchitulutsa mutu wake uli lende, wosalumikizidwa paliponse.

"Bwana, vuto ndi ili! Chinazuka!" anatero mosangalala, n'kuchilowetsa mu sipika.

Anthu anawomba m'manja. Alamu analibe kothawira. Anaika zala zawo zonunkhira zija pansambo n'kuyamba. Abale, phokoso lake ngati mphaka wopondedwa mchira. Zala ziwiri zija zinkangokwawa, zinazo zinkagwera pena paliponse. Mmodzi wa madala aja odikira kuphonya anaimirira, anavula chipewa, n'kufunsa mokweza kuti, "Ndiye zaka zonsezi timawombera m'manja ndani?"

Nditawapeza kuseri, alamu anali akutuluka thukuta ngati awathira madzi. Sanandifunse ngati ndili bwino.

"Unakalowamo kukatani m'kachipinda muja? Mkazi watsoka iwe, wandiphera dzina!"

Za nyumba ya kutsidya kwa tauni sanazitchulenso. Ndinamva pambuyo pake kuti kunalibe nyumba iliyonse.

Mawa lake ndinapita kwa apongozi, poganiza kuti mwina mwamuna wanga ali kumeneko. Ndinawapeza akusita, ndipo sanandipatse mpando.

"Amayi, inu munkadziwa?"

"Tonse tinkadziwa. A ng'oma, a besi, ine. Dzanja la mkuluyo linafa pa ngozi ija. Dzina linali lake, nkhope inali yake, pakamwa panali pake. Wamng'onoyu akaona anthu khumi amanjenjemera, ndiye ndinati aimbire kuseri, banja lisagone ndi njala. Ndinamulumbiritsa ndine."

"Koma ine mkazi wake, osandiuza?"

Anaimika simbi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Katatu konse anabwera kudzandipempha kuti akuuzeni. Ndinakana, ndinati za m'saluni sizigona. Ulendo wachinayi ndinamuitana ndekha, ndinati chabwino kamuuze. Anati basi amayi, palibenso chifukwa." Anatenganso simbi ija. "Ine tchimo langa ndikulidziwa, ndinadyera mwana wanga mmodzi kuti ndidyetse mnzake. Koma inu, mayi wokonza manja, zaka zisanu ndi chimodzi mukugona pambali pa zala zimenezo, munkaziona ngati chiyani?"

Ndinatuluka osatsanzika.

7.

Papita zaka ziwiri. Ukwati unatha mwakachetechete, iye sanafune mlandu, anangosaina. A Saphonya masiku ano amagulitsa zida za magalimoto, ndipo dzina lija anthu amawaitanira pofuna kuwaseka. Ndikawaona pamsewu ndimawoloka.

Mwamuna wanga, ndizolowere kunena kuti amene anali mwamuna wanga, amaimba Loweruka masana pa lesitilanti ina yaing'ono. Amakhala pampando, pamaso pa anthu, sayankhula, amangogwedeza mutu n'kuyamba. Madala aja anasamukira komweko. Akuti akudikirabe tsiku limene adzaphonye.

Mwezi watha ndinalimba mtima ndinapitako. Ndinavala diresi imene ankaikonda, ndinakhala patebulo loyamba penipeni, pomwe sakanatha kundilambalala ndi maso. Ndikuuzeni zoona, sindinapite kukamvera nyimbo. Ndinkafuna chala chimodzi chiterereke. Kamodzi kokha, pang'ono pokha, kuti ndidziwe kuti ndikadali penapake mwa iye. Anakweza maso, anandiona, anandigwedezera mutu ngati mmene amachitira ndi kasitomala wina aliyense. Anaimba maola awiri athunthu ndipo sanaphonye. Nyimbo ija sanaimbe, ndipo weta wa pamenepo anandiuza kuti anthu amaipempha mlungu uliwonse koma amakana.

Inu amene mukuwerenga, sindikukupemphani kuti mundikhululukire, nanenso sindinadzikhululukire. Alamu anga ndi munthu wonyansa, apongozi ali ndi zawo, koma amene anaseka chibwibwi pa maikolofoni ndine. Ndinkakonda nyimbo, ndipo mwini nyimboyo ankandigogodera pamsana ine n'kumamuchotsa dzanja. Ngati muli ndi munthu kunyumba amene mumachita naye manyazi pagulu, lero mukafika mum'gwire dzanja, mulitembenuze, mulione bwinobwino. Mukapeza pokhakhala musathamangire mafuta, mufunse kaye kuti panakhakhala ndi chiyani.

Ine mawa eyiti koloko ndili ndi kasitomala. Ndikakhala pa kampando kanga, ndikagwira manja a eni ake tsiku lonse.